Mtundu, Fuko kapena Gulu? Kuunika Kafukufuku wa Madolifini a ku Dubai

Mawu oyamba

M'madzi amchere a m'mphepete mwa mzinda wa Dubai, m'dziko la United Arab Emirates, mumakhala madolifini. Izi ndi nyama zoyamwitsa zimene zimapuma mpweya ngakhale kuti thupi lake limaoneka ngati la nsomba. Nyanja imeneyi Aluya amaitcha Arabian Gulf, ena amaitcha Persian Gulf, ndipo m'nkhani ino ndiziitchula kuti Gulf. Funso lalikulu limene ofufuza za nyamazi ali nalo ndi ili: kodi madolifini amene amaoneka m'madzi a Dubai ndi amodzi ndi anzawo a ku Abu Dhabi, Qatar ndi Oman, oswana nawo momasuka, kapena ndi magawo angapo, gawo lililonse ndi dera lake komanso chakudya chake? Yankho la funsoli ndilo limatiuza kulemera kwa imfa ya dolifini aliyense. Madolifini khumi akafa pakati pa zikwi zoswana pamodzi, malo awo amadzazidwa. Koma khumi omwewo akamafa chaka ndi chaka pakati pa kagawo kakang'ono kamene sikalandira alendo, kagawoko kakhoza kutheratu.

M'nkhani ino ndiunika ntchito ya Dr. Ada Natoli, katswiri wochokera ku Italy amene amaphunzitsa pa Zayed University ku Dubai, yemwenso anayambitsa bungwe la UAE Dolphin Project m'chaka cha 2012. Ndiyerekeza zimene iye ndi anzake analemba za madolifini a ku Ulaya ndi a ku South Africa pakati pa 2004 ndi 2008 ndi zimene analemba za nyanja ya Gulf mu 2022. Mfundo yanga ndi yakuti umboni wa maso, umene ndiwo maziko a nkhani ya 2022, sungathe kusonyeza malire a magawo a madolifini, ndipo umboni wa DNA nawo pawokha ndi wosakwanira m'nyanja ngati ya Gulf, pokhapokha utayendera limodzi ndi umboni wa chakudya. Popeza ndine wophunzira za zilankhulo, ndionetsanso kuti vuto lomweli limabuka pamene tikufuna kulemba nkhani zotere m'Chichewa, chifukwa liwu limodzi lakuti mtundu timalisenzetsa katundu wochuluka kwambiri.

Mawu anayi ofunika kusiyanitsa

M'Chichewa timati mtundu wa Amalawi, mtundu wa Achewa, mtundu wa nsomba, mtundu wa galimoto, ngakhalenso mtundu wofiira. Pocheza tsiku ndi tsiku zimenezi sizisokoneza munthu chifukwa nkhani yomwe ili mkamwa imatsogolera womvera. Koma kafukufuku amene ndikuunika pano wagona pa kusiyanitsa zinthu zinayi zimene womasulira wothamanga akhoza kuzitchula zonse kuti mtundu kapena gulu. Choncho ndisanapite patali ndifotokoze mawu amene ndizigwiritsa ntchito.

Liwu lakuti mtundu ndalisungira nyama zonse zokhala ndi dzina limodzi la sayansi, monga Tursiops aduncus, dolifini wa mlomo wotalikirapo amene amapezeka m'mphepete mwa nyanja kuchokera ku South Africa, kudutsa ku Gulf, mpaka ku Japan ndi Australia. Liwu lakuti fuko ndiziligwiritsa ntchito ponena za nyama za mtundu umodzi zimene zimakhala dera limodzi ndipo zimaswana zokhazokha kuposa mmene zimaswanirana ndi za kwina. Liwu lakuti mbumba ndilitenga pa chikhalidwe chathu Achewa, pomwe limaimira alongo ndi ana awo, ndipo pano liziimira nyama zotsata mzere umodzi wa kuchimayi. Pomaliza, gulu ndi madolifini amene munthu wawaona akusambira pamodzi tsiku limenelo, omwe mawa akhoza kubalalika.

Mzinda wa Dubai womwewo uli ndi chitsanzo chabwino cha kusiyana kwa mtundu ndi fuko. Mu 2007 madolifini 28 anatengedwa pa ndege kuchokera ku Solomon Islands, m'nyanja ya Pacific, kupita ku hotela ya Atlantis pa chilumba cha Palm Jumeirah. Iwo anali a mtundu wa Tursiops aduncus, womwewo umene umasambira mwaufulu kuseri kwa chilumbacho. Mtundu ndi umodzi koma mafuko ndi awiri otalikirana makilomita zikwi zambiri. Akatswiri amene anadandaula ndi malonda amenewa sankanena kuti mtundu wonse utha padziko. Nkhawa yawo inali yakuti kukula kwa fuko limene nyamazo zinachotsedwamo kunali kusanawerengedwe mokwanira. Womasulira amene angalembe mtundu pa zinthu ziwirizi wataya mutu wa mkangano wonse.

Zimene DNA inaulula ku Ulaya ndi ku South Africa

Ntchito yoyamba ya Natoli inali yoyeza DNA. Anachita maphunziro ake apamwamba pa Durham University ku England ndipo analemba nkhani zingapo pamodzi ndi Rus Hoelzel komanso Victor Peddemors. Njira yawo inali kutenga tizidutswa ta khungu kapena mnofu wa dolifini n'kuyeza DNA ya mitundu iwiri. Yoyamba imapezeka m'tizigawo ta selo totchedwa mitochondria, ndipo mwana amailandira kwa mayi yekha, choncho imasonyeza mbumba. Yachiwiri imakhala pakati pa selo ndipo mwana amailandira kwa bambo ndi mayi omwe, choncho imasonyeza mmene fuko lonse likuswanirana.

Mu 2004, m'magazini ya Journal of Evolutionary Biology, iwo anasonyeza kuti madolifini a ku South Africa amene ankatchedwa Tursiops aduncus ndi osiyana kwambiri pa DNA ndi a ku China okhala ndi dzina lomwelo, moti anaganiza kuti mwina a ku South Africa ndi mtundu winawina. Mu 2005 anayeza madolifini 145 a mtundu wa Tursiops truncatus kuyambira ku Black Sea, kudutsa nyanja ya Mediterranean, mpaka ku Scotland. Anapeza kuti ngakhale madzi ake ndi olumikizana popanda khoma lililonse, madolifiniwo ndi ogawika m'mafuko, ndipo malire a mafukowo ali pamalo pamene kuya kwa nyanja, mchere, kutentha ndi kuchuluka kwa chakudya zimasintha. Munthu wodziwa mwambo wa chikamwini angayembekezere kuti aakazi ndiwo amakhala pamudzi pomwe aamuna amapita kukakwera kwina, monga zimachitikira nyama zambiri zoyamwitsa. Koma iwo anapeza kuti pa madolifini amenewa, amuna ndi akazi omwe amakakamira dera lawo pafupifupi mofanana.

Nkhani imene ndimaiona kuti ndi yamphamvu kuposa zonse ndi ya 2008 m'magazini ya Conservation Genetics, yonena za gombe la KwaZulu-Natal. Kuyambira mu 1952 ku Durban kwakhala kukutcheredwa maukonde oteteza anthu osambira ku nsomba zolusa zotchedwa shaki, ndipo pambuyo pake maukondewo anafalikira ku magombe ena a chigawocho. Madolifini nawo amakodwa m'maukondemo n'kufa chifukwa cholephera kutulukira pamwamba kukapuma. M'derali muli madolifini okhazikika chaka chonse komanso ena amene amabwera m'miyezi yozizira ya June ndi July potsatira khamu la nsomba zing'onozing'ono zotchedwa sadini. Natoli ndi anzake anapeza kusiyana kochepa koma koonekeratu pakati pa madolifini okhazikika kumpoto kwa dera la Ifafa ndi a kummwera kwake. Tanthauzo lake linali lomveka kwa aliyense: imfa za m'maukonde siziyenera kugawidwa pa madolifini onse a gombe lonse ngati kuti ndi fuko limodzi lalikulu.

Ubwino wa nkhaniyi ndi wakuti funso lake linachokera ku vuto lenileni ndipo yankho lake likhoza kusintha zochita za anthu. Komabe ili ndi pofooka. Umboni wosiyanitsa madolifini okhazikika kummwera ndi alendo otsatira sadini unali wosalimba, ndipo olembawo anavomereza zimenezi. Dolifini akafera mu ukonde mwezi wa June, DNA yake yokha siingatiuze ngati anali mwini dera kapena mlendo, makamaka pamene magawo awiriwo akufanana kwambiri m'chibadwa. Chimene chikanathandiza ndi kudziwa zimene nyamayo inkadya m'miyezi ya m'mbuyomo. Apa mpamene funso la chakudya likulowera, ndipo ndibwereranso pa mfundoyi.

Dubai: maso a anthu ambiri

Atafika ku Dubai, Natoli anapeza nyanja imene madolifini ake anali asanafufuzidwe kwenikweni, choncho anayamba ndi mafunso oyambirira: kuno kuli mitundu iti, ndipo imapezeka pati? Bungwe lake linapempha anthu oyenda pa maboti, osambira ndi okhala m'mphepete mwa nyanja kuti akaona dolifini azitumiza chithunzi, tsiku ndi malo. Ofufuzawo amajambulanso chipsepse cha pamsana cha dolifini aliyense, chifukwa zipsera ndi mabala ake zimamusiyanitsa ndi anzake monga mmene mwini khola amadziwira ng'ombe zake ndi mawanga.

Mu 2022 Natoli, André Moura ndi Neftalí Sillero anasindikiza zotsatira za malipoti a anthuwa m'magazini ya Marine Mammal Science. Mitundu itatu ndiyo inatchulidwa kwambiri. Woyamba ndi Tursiops aduncus. Wachiwiri ndi Sousa plumbea, dolifini wokhala ndi linunda pamsana amene amakonda madzi osaya pafupi ndi gombe, yemwe bungwe la IUCN linamuika pa mndandanda wa nyama zimene zili pangozi yakutha. Wachitatu ndi Neophocaena phocaenoides, kanyama kakang'ono kopanda chipsepse pamsana. Pogwiritsa ntchito malipotiwo olembawo anayerekeza malo amene mtundu uliwonse umakonda.

Ntchitoyi ndi yoyenera kuyamikiridwa. Kufufuza pa nyanja kumafuna boti, mafuta ndi nthawi yambiri, ndipo maso a anthu mazanamazana amafika kumene ofufuza ochepa sangafike. Inachititsanso kuti anthu okhala mu mzinda wodziwika ndi nyumba zosanjikizana adziwe kuti pafupi ndi gombe lawo pali nyama zakutchire zofunika kuziganizira.

Koma wowerenga ayenera kudziwa polekezera umboni wa mtundu umenewu. Choyamba, lipoti limabwera kuchokera kumene kuli munthu. Malo okhala ndi malipoti ambiri akhoza kukhala malo okhala ndi madolifini ambiri, koma akhozanso kungokhala malo amene maboti achisangalalo amakonda kupita, pa masiku opuma, m'miyezi imene kunja sikutentha kwambiri. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, maso amaona mtundu ndi gulu basi. Munthu wa pa boti akhoza kunena kuti waona madolifini asanu ndi awiri a mtundu wakuti, koma sanganene kuti ndi a fuko liti. Ngakhale chithunzi cha chipsepse chimangosonyeza kuti dolifini wakuti anaoneka pano mu January n'kudzaonekanso apo mu March. Sichinena kuti anabereka ndi ndani.

Vuto lofananalo lili pa chiwerengero chodziwika cha ku Abu Dhabi, chigawo chochita malire ndi Dubai. Kafukufuku wa nthambi yoona zachilengedwe kumeneko, Environment Agency Abu Dhabi, wa m'zaka za 2014 ndi 2015, anayerekeza kuti m'madzi awo muli madolifini a linunda 701 ndi a mtundu wa Tursiops aduncus 1,834. Manambalawa ndi othandiza, koma malire a dera lowerengedwalo ndi malire a boma. Dolifini sadziwa pamene Abu Dhabi akuthera ndi pamene Dubai akuyambira. Nambala ya 1,834 ikhoza kukhala gawo la fuko lalikulu lofika mpaka ku Qatar, kapena mafuko awiri kapena atatu owonkhetsedwa pamodzi. Amene angawerenge nambalayi n'kupuma kuti nyamazi zilipo zambiri, wayankha funso limene kafukufukuyo sanafunse.

Nyanja yaing'ono msinkhu

Wina anganene kuti yankho ndi losavuta: tichite ku Dubai zimene zinachitika ku KwaZulu-Natal, tiyeze DNA. Ndikuvomereza kuti zimenezi ndi zofunika, koma mbiri ya nyanja ya Gulf ikutichenjeza kuti tisadalire njira imeneyi yokha.

Nyanja ya Gulf ndi yosaya, pafupifupi mamita 35 tikatengera malo onse pamodzi. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, pamene madzi ambiri a padziko anali oundana, madzi a nyanja zikuluzikulu anatsika ndi mamita pafupifupi 120. Nthawi imeneyo mbali yaikulu ya Gulf inali chigwa chouma chodutsamo mtsinje wonyamula madzi a Tigris ndi Euphrates. Madzi amchere anayamba kulowa kudzera pa mpata wa Hormuz zaka pafupifupi 14,000 zapitazo, ndipo anafika pafupi ndi magombe a masiku ano zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. Choncho makolo a dolifini aliyense wa ku Dubai analowa m'nyanjayi kuchokera kunja kwa Hormuz, ndipo kuyambira nthawiyo padutsa mibadwo ya madolifini mazana angapo chabe.

DNA imasintha pang'onopang'ono. Magawo awiri amene anapatukana posachedwa akhoza kufanana kwambiri m'chibadwa ngakhale kuti lero sakusakanikirana. Komanso akatswiri a za chibadwa akhala akudziwa kuyambira kale kuti alendo ochepa chabe pa m'badwo uliwonse ndi okwanira kufananitsa DNA ya mafuko awiri. Koma alendo ochepa pa m'badwo, womwe kwa dolifini ndi zaka pafupifupi 20, sangadzaze malo a nyama zimene zikufa chaka chilichonse. Zikutanthauza kuti kafukufuku wa DNA akhoza kunena moona kuti sanapeze kusiyana, ndipo oyendetsa boma n'kumva molakwa kuti fuko ndi limodzi, dera lina likatha anzawo adzabwera kudzadzaza.

Nkhaniyi si yongoganizira chifukwa gombe la Dubai lasintha kwambiri m'nthawi yochepa. Doko la Jebel Ali linatsegulidwa mu 1979 ndipo ndi limodzi mwa madoko otanganidwa kwambiri padziko lonse. Ntchito yomanga chilumba cha Palm Jumeirah inayamba mu 2001 pogwiritsa ntchito mchenga wokumbidwa pansi pa nyanja. Kuwonjezera apo, madzi a Gulf ndi ovuta kale kukhalamo: m'chilimwe amatentha kupitirira madigiri 34, ndipo m'malo ambiri lita imodzi imakhala ndi mchere woposa magalamu 40, pomwe nyanja zikuluzikulu zimakhala ndi pafupifupi 35. Ngati pali madolifini amene moyo wawo wadalira kachigawo kamodzi ka gombeli, tiyenera kuwadziwa msanga, ndipo chida chimene chimayeza zaka zikwi sichingaone zimene zachitika m'zaka 40.

Umboni wa chakudya

Chakudya chimayezedwa m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi kutsegula chifu cha dolifini wakufa amene wapezeka pagombe kapena mu ukonde. Mnofu wa nsomba umagayika msanga, koma timiyala ta m'khutu mwa nsomba timatsala, ndipo mtundu uliwonse wa nsomba uli ndi timiyala ta kaumbidwe kake. Louisa Ponnampalam ndi anzake anasindikiza kafukufuku wotere mu 2012 wokhudza madolifini ofera m'magombe a dziko la Oman, loyandikana ndi United Arab Emirates. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti imangoonetsa chakudya chomaliza, chimenenso chikhoza kukhala cha nyama yodwala.

Njira yachiwiri ndi kuyeza ma isotope. Zinthu monga kaboni ndi nayitrojeni zimapezeka m'chilengedwe zili zopepuka ndi zolemerapo pang'ono, ndipo kuchuluka kwa zolemerazo m'thupi la nyama kumatsatira zimene nyamayo yadya. Kaboni amasonyeza kumene chakudya chinachokera, kaya ndi m'maudzu a pansi pa madzi osaya kapena pakati pa nyanja. Nayitrojeni amasonyeza ngati nyama imadya zodya zomera kapena zodya nyama zinzake. Khungu limasunga mbiri ya masabata kapena miyezi ingapo, pomwe dzino, limene limakula mosanjikiza chaka ndi chaka, limasunga mbiri ya zaka zambiri. Chitsanzo cha kwathu chingathandize wophunzira kumvetsa. Chimanga chimakhala ndi kaboni wolemera wochuluka kuposa chinangwa ndi mpunga. Choncho tsitsi la munthu wa ku Dedza wodya nsima ya chimanga tsiku lililonse likhoza kusiyanitsidwa ndi la munthu wa ku Nkhotakota wodya kondowole ndi mpunga, popanda kumufunsa kwawo.

Marie Louis ndi anzake anasonyeza mu 2014 phindu lophatikiza njirazi. Anafufuza madolifini a kumpoto chakummawa kwa nyanja ya Atlantic ndipo anapeza kuti a m'mphepete mwa gombe ndi osiyana pa DNA ndi a m'madzi akuya, komanso ma isotope ndi zopezeka m'chifu zinasonyeza kuti amadya nsomba zosiyana m'malo osiyana. Anaonetsanso kuti mafuko a m'gombe anapatuka kwa a m'madzi akuya itatha nyengo ya madzi oundana, pamene malo atsopano anatseguka. Mbiri imeneyi ikufanana ndi ya Gulf, ndipo ikusonyeza kuti kadyedwe kakhoza kukhala chiyambi cha kugawikana kwa mafuko.

Komabe chitsanzo cha Dedza ndi Nkhotakota chili ndi chenjezo lake. Anthu awiri aja amadya zosiyana koma onse akhoza kukhala Achewa, ndipo ana awo akhoza kukwatirana. Kusiyana kwa chakudya pakokha si umboni wa fuko. Ku Shark Bay, kumadzulo kwa Australia, kuli madolifini amene amavala siponji ya m'nyanja kumlomo pofukula nsomba pansi pa madzi. Michael Krützen ndi anzake anasonyeza mu 2005 kuti luso limeneli mwana amaliphunzira kwa mayi ake, makamaka ana aakazi, ndipo pafupifupi onse ovala siponji amene anawayeza anali a mbumba imodzi. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti chakudya chawo ndi chosiyana ndi cha anzawo okhala m'madzi omwewo. Koma ovala siponji amaswana ndi osavala. Apa tili ndi mbumba yokhala ndi kadyedwe kake m'kati mwa fuko limodzi. Wofufuza woyang'ana chakudya chokha, kapena DNA ya kuchimayi yokha, akanalengeza mafuko awiri pamene palibe.

Choncho umboni uliwonse umayankha funso lake. Maso amati dolifini ali pati lero. Chakudya chimati wakhala akudya kuti m'miyezi kapena zaka zapitazi. DNA imati makolo ake ankaswana ndi ndani. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo m'nyanja ya Gulf denga lake ndi lolemera kwambiri kwa njira imodzi.

Phunziro kwa olemba ndi ophunzitsa Chichewa

Wina angafunse chifukwa chake ife a dziko lopanda nyanja yamchere tiyenera kuvutika ndi mawu a nkhani ya madolifini. Yankho lili m'nyanja yathu yomwe. Dzina lakuti chambo limaphimba mitundu ingapo ya nsomba, kuphatikizapo Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatuyi pa mlingo wa nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu. Munthu wogula nsomba pamsika amene amaona chambo pa benchi akhoza kuganiza kuti zonse zili bwino, pamene mtundu umodzi mwa itatuyo wasowa kale m'maukonde a asodzi. Nsomba za mbuna nazo zimakhala m'miyala, ndipo zambiri sizidutsa mchenga wautali kupita ku miyala ina, moti gombe lililonse lamiyala limakhala ndi fuko lake. Mlangizi wa zausodzi amene ali ndi liwu limodzi lokha lakuti mtundu sangafotokozere asodzi a ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay chifukwa chake kuteteza malo amodzi sikuteteza nsomba za malo ena.

Mawu amene ndasankha ali ndi zovuta zake. Liwu lakuti fuko limakumbutsa za anthu, ndipo likhoza kupangitsa wophunzira kuganiza kuti magawo a nyama ali ndi mayina, mafumu ndi malire okhazikika. Mphunzitsi ayenera kutsindika kuti fuko la nyama ndi nkhani ya mlingo: kuswana kwambiri m'kati ndi kuswana pang'ono kunja. Ngakhale pakati pa anthu zili chomwecho, chifukwa Achewa, Angoni ndi Ayao akhala akukwatirana kwa mibadwo yambiri. Kusiyana kumene kunapezeka ku Ifafa kunali kochepa, ndipo womasulira wabwino ayenera kusunga kuchepa kwakeko m'malo mokukulitsa kuti nkhani ikome.

Pali liwu linanso lofunika kusamala nalo. Olemba ena amasandutsa liwu la Chingerezi la tizigawo ta DNA kukhala majini. Koma kwa Amalawi ambiri, makamaka a m'mphepete mwa nyanja, majini ndi mizimu yogwira munthu, liwu limene linatifika kuchokera ku Chiarabu kudzera mu Chiswahili. Chiganizo chakuti madolifini a kumpoto ali ndi majini osiyana ndi a kummwera chikhoza kuseketsa kalasi yonse. N'chifukwa chake m'nkhani ino ndagwiritsa ntchito mawu akuti DNA ndi chibadwa, omwe owerenga amawamva kale popanda kusokonezeka.

Mawu omaliza

Ndikaika pamodzi zolemba za Natoli ndi anzake, ndikuona kuti za pakati pa 2004 ndi 2008 ndizo zikupereka muyeso woyezera ya 2022. Zoyambazo zinaphunzitsa kuti madzi olumikizana akhoza kubisa mafuko osiyana, ndi kuti malire ake amatsata malo ndi chakudya. Ya 2022 inachita bwino ntchito imene inadzipatsa, yotiuza mitundu imene ili m'nyanja ya Gulf ndi malo amene imakonda, koma siyenera kuwerengedwa ngati yankho la funso la mafuko. Funso limenelo likufuna kuti kachidutswa kamodzi ka khungu, kotengedwa pa dolifini wodziwika ndi chithunzi cha chipsepse chake, kayezedwe DNA ndi ma isotope nthawi imodzi, ndipo zotsatira za ku Dubai ziyerekezedwe ndi za ku Abu Dhabi komanso za kunja kwa Hormuz. Madolifini ofera pagombe nawo ndi chuma cha kafukufuku chifukwa amapereka chifu ndi mano.

Kwa ife ophunzira ndi aphunzitsi a Chichewa, ndikupempha kuti mawu anayiwa, mtundu, fuko, mbumba ndi gulu, tiwayese m'kalasi pomasulira nkhani za chambo, mbuna kapena njovu za ku Liwonde ndi ku Kasungu. Ngati ophunzira apeza mawu abwino koposa amenewa, tiwalandire. Chofunika n'chakuti zinthu zinayizi zikhale ndi mayina anayi, kuti wowerenga Chichewa athe kufunsa yekha ngati nambala imene wapatsidwa ikunena za mtundu wonse kapena za fuko limodzi lomwe likhoza kutha.